Galu wopanda mwini wadzadza nkhupakupa ndipo m'kamwa mwayera: timubaye Berenil wa ng'ombe?

Funso: "Ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata. Mwezi watha pakhomo panabwera galu wamkazi wopanda mwini, wowonda nthiti kuchita kuwerengeka. Ana anga anayamba kumupatsa makombo a nsima mpaka anazolowera. M'makutu ndi pakati pa zala mwadzadza nkhupakupa. Lero ndi tsiku lachitatu osadya, amangogona kuseri kwa nyumba, thupi latentha, m'kamwa mwayera, ndipo mkodzo wake ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Alamu anga amene amaweta ng'ombe ku Chadiza akuti ali ndi paketi ya Berenil, timubaye. Ndilinso ndi galu wanga wolondera, wosakanizika ndi German Shepherd. Kodi ndimubaye? Nanga matendawa angapite kwa ana anga kapena kwa galu wangayo?" (Mayi wa ku Mchini)

Amayi, mtima ukhale m'malo, koma nkhaniyi isagone. Zimene mwalongosolazi ife a zaziweto timaziona kawirikawiri, makamaka mvula ikagwa ndipo udzu watalika, ndipo agalu ambiri otere amachira akalandira mankhwala oyenera m'masiku oyambirira. Alamu anuwo sanaphonye dzina la mankhwala. Berenil amachizadi matenda amene ndikuwaganizira. Pamene pali vuto ndi pa muyezo, chifukwa paketi ija anaipangira ng'ombe ya makilo 300, ndipo kwa galu mlingo wochiza ndi mlingo wakupha zayandikana kwambiri. Musamubaye nokha. Mupite naye kwa a zaziweto lero lomwe, kapena muwaitane abwere pakhomo.

Tisanafike ku nkhupakupa, tikambe za chiwewe, pakuti galuyu simukudziwa kumene wachokera ndipo simukudziwa ngati analandirapo katemera. Ana asiye kumugwira kuyambira lero. Azimusamalira munthu wamkulu mmodzi, ndipo akhale pa malo ake, kutali ndi galu wanu. Galu amene akumva ululu amaluma ngakhale dzanja lomwe limamudyetsa, ndiye musanamunyamule mumange pakamwa ndi kansalu kofewa: kazungulire kukamwa, mfundo ikhale pansi pa chibwano, nsonga zake muzimange kuseri kwa makutu. Akayamba kusanza kapena kubanika, masulani msanga. Mukaona dovu likungotsika, nsagwada yalendewera, mawu ouwa asintha, kapena akuluma mitengo ndi miyala, musamukhudze n'komwe, dziwitsani ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano matenda enieniwo. Kutentha thupi, nkhama zoyera ndi mkodzo wofiirira pa galu wodzadza nkhupakupa zimaloza kwambiri ku kachilombo kotchedwa Babesia. Kachilomboka ndi kachibale ka kachilombo ka malungo, koma kamayenda ndi nkhupakupa m'malo mwa udzudzu. Nkhupakupa ikamatirira pakhungu kwa tsiku limodzi kapena awiri, kachilomboka kamalowa m'magazi kudzera m'malovu ake, n'kukakhala m'kati mwa maselo ofiira. M'menemo kamagawikana, selo limaphulika, tizilombo tatsopano timalowa m'maselo ena. Thupi la galu nalo, pofuna kudziteteza, limayamba kuwononga maselo ofiira, odwala ndi abwino omwe. N'chifukwa chake magazi amatha mofulumira kuposa mmene kuchuluka kwa tizilombo kungatiuzire. Kufiira kwa mkodzo ndi utoto wa maselo ophulikawo ukutuluka kudzera mu impso, ndipo chiwindi chikalephera kusefa zinyalala zonsezo, maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu. Kapamba amatupa, moti mukagwira pamimba kumanzere mumamva chinthu cholimba. Kuchokera tsiku lolumidwa mpaka kudwala pamapita masiku 10 mpaka 21, choncho nkhupakupa imene inamupatsa matenda mwina inagwa kale.

Kuno kummwera kwa Africa tili ndi mitundu iwiri ya Babesia imene imavutitsa agalu. Babesia rossi ndiye woopsa, ndipo amafalitsidwa ndi nkhupakupa yachikasu imene imadikirira galu mu udzu ndi m'tchire. Galu angakhale akusewera Lolemba, pofika Lachinayi wafa. Babesia vogeli ndi wofatsirapo, amagwetsa makamaka tiana ta agalu ndi agalu ofooka kale, ndipo amayenda ndi nkhupakupa yofiirira imene imakhala m'ming'alu ya makoma ndi m'makola a agalu.

Nkhupakupa yofiirirayi ili ndi katundu wina amene anthu ambiri samudziwa, ndipo ndi amene amachititsa kuti galu "achire" kenako n'kuyambiranso. Ndi bakiteriya wotchedwa Ehrlichia canis. Iyeyu salowa m'maselo ofiira, amalowa m'maselo oyera, ndipo amachepetsa timaselo timene timathandiza magazi kuundana. Poyamba galu amatentha thupi, amafooka, maso amatulutsa manthongo, mwanabere wa m'khosi ndi wa kuseri kwa mawondo amatupa. Zikatero amaoneka ngati wachira, kwa miyezi kapena zaka, koma bakiteriya ali chibisalire mu kapamba. Akadzukanso amawononga mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Galu amayamba kuwonda ngakhale akudya, amatuluka kamfuno, pamimba ndi m'nkhama pamaoneka timadontho tofiira, kabala kakang'ono sikauma magazi. Akafika pamenepo kuchiza kumavuta kwambiri. Berenil sachita kanthu kwa Ehrlichia. Galu woyendayenda nthawi zambiri amakhala ndi zonse ziwiri, ndiye kubaya jekeseni imodzi n'kumati tathana nazo ndi kuchiza theka.

Mwina mukudabwa kuti galu amene wakhala ndi nkhupakupa moyo wake wonse wadwaliranji pano. Agalu athu akumudzi amalumidwa kuyambira ali aang'ono, ndipo amene apulumuka amayenda ndi tizilomboti m'magazi popanda kudwala. Chitetezo chimenecho chimagwa ndi njala, njoka za m'mimba, bere, kapena kuyamwitsa. Yang'anani mawere ake: ngati ndi otambasuka, n'kutheka kuti wangoleka kuyamwitsa kumene. Amene ndikumudera nkhawa kwambiri ndi galu wanu wolondera uja. Wakulira mumpanda, thupi lake silinakumanepo ndi tizilomboti, ndipo mtundu wa German Shepherd umadziwika kuti Ehrlichia amaugwira moipa kuposa mitundu ina. Matendawa sapatsirana podyera m'mbale imodzi, koma nkhupakupa zimene zikugwa pa mlendoyu ndi zimene zidzakwere pa iye. Mumuyang'anitsitse kwa masabata atatu akubwerawa.

Pali zinthu zitatu zimene mungaone nokha musananyamuke, ndipo zidzathandiza amene akamuone. Choyamba ndi nkhama. Kwezani mlomo wapamwamba. Nkhama za galu wabwino ndi zofiirira pang'ono ndiponso zonyowa. Dinani ndi chala, pamayera, ndipo mukachotsa chala mtundu uyenera kubwerera masekondi awiri asanakwane. Ngati galuyo ali ndi nkhama zakuda chibadwire, tsitsani chikope cham'munsi muone m'kati mwake. Chachiwiri ndi kutentha. Mphuno youma siuza kanthu, pamafunika themometa. Pakani mafuta pansonga, lowetsani kumatako masentimita awiri kapena atatu. Galu wabwino amakhala pakati pa 38 ndi 39.2. Wa Babesia amafika 40 kapena 41. Koma galu wogona chigonere amene watsika pansi pa 37.5 musamuyese kuti akuchira, ameneyo thupi layamba kugonja. Chachitatu ndi kulemera. Kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako mukwere nokha, muchotsere. Sikelo yopachika ya ogula chimanga ndi nsawawa imagwiranso ntchito: mumuike m'thumba mutu uli kunja. Diso limanama kwambiri pa galu wowonda waubweya. Amene munthu amamuyesa wa makilo 20 amapezeka ndi 11.

Dziwaninso kuti si galu aliyense woyera nkhama amene ali ndi Babesia. Njoka za m'matumbo zoyamwa magazi zimayeretsa nkhama chimodzimodzi, makamaka pa tiana, ndipo chimbudzi chimakhala chakuda. Mankhwala a makoswe amatulutsa magazi m'mphuno ndi m'chimbudzi. Pali matenda ena a chikasu ochokera ku mkodzo wa makoswe amene amagwiranso anthu, n'chifukwa chake potsuka mkodzo wa galuyu muvale magolovesi. Ndipo kuno kummawa tili ndi china chathuchathu. Galu amene anapitako kusaki kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe kapena kumunsi kwa Petauke ndi Nyimba, angakhale analumidwa ndi kashembe n'kutenga kachilombo ka kaodzera. Ameneyo amatentha thupi, amatha magazi, nkhope imatupa, ndipo maso amachita ngati ng'ala m'masiku ochepa. Galu wosokera sanganene kumene wayenda, ndiye magazi ake ndi amene ayenera kunena.

Kuyeza kwake ndi kosavuta. Dokotala amabaya pang'ono nsonga ya khutu, amapaka kadontho ka magazi pa kagalasi, amathira utoto wa Giemsa, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Babesia amaoneka m'kati mwa selo lofiira, kawirikawiri awiriawiri, osongoka mbali imodzi. Magazi a kukhutu ndi abwino kuposa a mumtsempha waukulu chifukwa maselo odwala amaunjikana m'timitsempha ting'onoting'ono. Kachilombo ka kaodzera nako kamaoneka pa kagalasi komweko. Ehrlichia ndiye saoneka wamba, ndiye dokotala amaweruza ndi zizindikiro, kapena kuwerenga timaselo toundanitsa magazi ngati makina alipo. Ngati angathe, apimenso gawo la maselo ofiira m'magazi. Galu wabwino amakhala ndi 37 mpaka 55 pa 100. Akatsika kufika cha pa 15, mankhwala okha sangakwanire, pafunika kumuika magazi. Funsani ku ofesi ya zaziweto ya boma la Chipata kapena kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu kumene angakuyezereni.

Tiyeni tiwerenge masamu a Berenil kuti muone chimene ndikukanira. Mankhwala enieni m'kati mwake ndi diminazene, ndipo mapaketi ena ogulitsidwa m'masitolo a alimi ali ndi mayina ena koma mankhwala ndi omwewo. Paketi yaing'ono imalemera magalamu 2.36, ndipo mwa amenewo 1.05 ndiwo mankhwala. Ikasungunulidwa m'madzi 12.5 ml imatulutsa 15 ml, kutanthauza 70 mg pa 1 ml iliyonse. Galu amafunika 3.5 mg pa kilo iliyonse, kamodzi kokha, mumnofu. Ndiye 1 ml ndi ya galu wa makilo 20. Wanuyo akapezeka ndi makilo 12, mlingo wake ndi 0.6 ml. Paketi imodzi ikhoza kukwanira agalu 25 a msinkhu umenewo. Tsono taganizani munthu wozolowera ng'ombe, m'manja muli sirinji ya 20 ml imene mizere yake siionetsa n'komwe theka la 1 ml, galu sanamupime, ndipo mumtima akuti "tionjezereko pang'ono kuti agwire bwino". Pamenepo ndi pamene agalu ambiri amafera. Pamafunika sirinji yaing'ono ya 1 ml kapena 2 ml, madzi oyera opimidwa bwino, ndi munthu wodziwa pobaya, chifukwa kuseri kwa ntchafu kumadutsa mtsempha waukulu umene ukalasidwa mwendo umalemala.

Diminazene akachuluka amawononga ubongo. Sizioneka nthawi yomweyo. Pamapita tsiku limodzi mpaka atatu, mwini wake akusangalala kuti galu wayamba kudya, kenako galu amayamba kudzandira, maso amagwedezeka okha, amalira, amagubuduka, miyendo imauma, mutu umapindikira kumsana. Palibe mankhwala obweza zimenezi. Ndipo ngozi si ya mlingo woyamba wokha. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, choncho sabwerezedwa masiku 21 asanathe. Cholakwika chofala ndi ichi: galu wabayidwa lero, mawa nkhama zikadali zoyera, ndiye amubayanso. Nkhama sizingafiire mawa. Mankhwala amapha tizilombo, sapanga magazi, ndipo magazi amapitiriza kutsika kwa tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kukwera. Pa galu wosokera palinso funso lina: kodi pali wina m'dera lanu amene anamumvera chisoni n'kumubaya sabata yatha? Funsani anansi.

Pali mankhwala ena, imidocarb, amene m'masitolo amapezeka ndi dzina la Imizol kapena Forray 65. Mlingo wake ndi cha pa 6 mg pa kilo, ndipo amabwerezedwa pakatha masiku 14. Jekeseni yake imawawa, ndipo galu angatuluke dovu, kusanza kapena kutsegula m'mimba kwa kanthawi, n'chifukwa chake madokotala ena amayamba ndi atropine, mankhwala ochepetsa dovu ndi kutsegula m'mimbako. Amathandiza pamene galu wayambiranso kudwala nthawi yobwereza diminazene isanakwane. Kusankha pakati pa awiriwa ndi ntchito ya dokotala.

Za Ehrlichia, mankhwala ndi doxycycline, 10 mg pa kilo tsiku lililonse kwa masiku 28. Galu wa makilo 10 ndi kapisozi mmodzi wa 100 mg patsiku. Mupatseni pamodzi ndi kachakudya, kenako madzi pang'ono, chifukwa kapisozi akakakamira pammero amatentha ndi kusiya chilonda. Ngati akumwanso mankhwala owonjezera magazi okhala ndi ayironi, musiyanitse ndi maola atatu, popeza ayironi amamanga doxycycline m'matumbo. Pa masiku awiri kapena atatu galu amadzuka n'kuyamba kugwedeza mchira, ndipo apa ndi pamene eni ake ambiri amasiya. Masiku asanu amangogonetsa bakiteriya, samupha. Dulani mizere 28 pa kalendala kapena pa khoma, muzifufuta umodzi tsiku lililonse. Ine pa galu woyendayenda wodzadza nkhupakupa zofiirira ndimaona kuti n'kwanzeru kupereka doxycycline ngakhale kagalasi kangoonetsa Babesia yekha. Jekeseni ya oxytetracycline ya ng'ombe ija musaidalire: siipha Babesia, ndipo imatupitsa mnofu wa galu.

Zimene simuyenera kumupatsa n'zambiri, koma zofala ndi izi. Coartem, mankhwala a malungo a anthu, sachiza Babesia. Brufen, diclofenac ndi aspirin amatupula zilonda m'mimba, amapweteka impso zimene zikuvutika kale, ndipo amawonjezera kutaya magazi. Panado pa galu amene chiwindi chake chalema ndi ngozi ina. Thupi likatentha kwambiri muikeni pamthunzi, mumunyowetse mapazi ndi pamimba ndi madzi wamba.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka ndiye kuti jekeseni yokha sipulumutsa: galu sakutha kuima, akupuma mofulumira ndi movutikira ngakhale wagona, nkhama zayereratu kapena zachita chikasu chambiri, wakhala tsiku lathunthu osakodza, akuphupha kapena kuzungulirazungulira. Palinso mtundu wina wonyenga wa Babesia rossi umene nkhama sizimayera koma zimafiira modera. Anthu amati magazi alipo, koma kwenikweni madzi athawa m'mitsempha, ndipo agalu oterewa amafa msanga. Onsewa amafunika dilipi, ena magazi. Magazi amachokera kwa galu wina wathanzi, wamkulu, wopitirira makilo 25, wolandira katemera ndiponso wopanda nkhupakupa. Si malo onse amene angathe kuchita zimenezi, ndipo ku Lusaka, kumene kuli chipatala cha sukulu ya zaziweto ya University of Zambia, n'kutali kwa galu amene akupuma movutika. Ngati dokotala waona kuti impso zaima kapena ubongo wagwidwa, n'kukuuzani kuti kuli bwino kumupha mwachifundo ndi jekeseni, mumvereni. Kumusiya kuseri kwa nyumba kuti afe yekha m'masiku atatu si chifundo.

Akabayidwa, ntchito yotsala ndi yanu. Agone pamthunzi, pa thumba louma, ndipo asathamange kwa masabata awiri, chifukwa mtima wa galu wopanda magazi ukhoza kuima pothamangitsa njinga. Madzi akhale pafupi. Galu wa makilo 12 amafunika 600 mpaka 700 ml patsiku, ndipo ngati sakumwa yekha mumuthirire pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya ndi sirinji yopanda singano, mutu osaukweza m'mwamba. Chakudya chikhale chochepa koma kanayi patsiku. Galu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali mukamukhutitsa kamodzi amasanza, mwinanso kudwala kwambiri. Phala lofewa losakaniza ndi dzira lophika, kapenta woviika kuti mchere uchoke, ndi kachidutswa ka chiwindi chophika ndi zokwanira. Nsima ya gaga yokha simanga magazi. Ndiwo zotsala za pakhomo zokhala ndi anyezi kapena adyo musamupatse, chifukwa zimenezi zimaswa maselo ofiira a galu. Kutentha kuyenera kutsika pa tsiku limodzi kapena awiri, mkodzo kuyera pa masiku awiri kapena atatu, ndipo nkhama zimabwerera pang'onopang'ono pa masabata awiri kapena atatu. Akayamba kudya bwino, amwe mankhwala a njoka za m'mimba. Kutentha kukabweranso, bwererani kwa dokotala ndipo mumuuze tsiku lenileni limene anabayidwa.

Nkhupakupa zimene zili pathupi pano muzichotse ndi manja, chifukwa galu wofooka chonchi sadibitsidwa. Valani magolovesi, gwirani nkhupakupa ndi kachopanira pafupi penipeni ndi khungu, kokani mowongoka pang'onopang'ono. Musaithire palafini, musaitenthe ndi ndudu, chifukwa ikavutika imalavulira zam'mimba mwake m'bala. Oilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka ndi poizoni amene galu amanyambita. Zochotsazo muziponye m'kachitini ka sipiriti kapena palafini. Musaziphwanye ndi zikhadabo, ndipo galu asazidye, pakuti pali kachilombo kena, Hepatozoon, kamene kamalowa galu akameza nkhupakupa. Fufuzani m'makutu, m'khosi, m'khwapa, pakati pa zala ndi pansi pa mchira.

Akalimba, ndiponso kwa galu wanu kuyambira lero, sankhani njira imodzi yoteteza n'kuisunga. Yotsika mtengo ndi dibi wa amitraz. Werengani pabotolo ngati alembapo agalu. Wa mphamvu ya 12.5% amasungunulidwa 2 ml pa lita imodzi ya madzi, kupima ndi sirinji, osati ndi chivindikiro. Nyowetsani thupi lonse ndi kansalu, kupewa maso ndi pakamwa, musamutsukuluze, aume pamthunzi osadzinyambita. M'dzinja bwerezani sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse. Amitraz si wa tiana tosakwana miyezi inayi, si wa galu wodwala kapena wabere, ndipo si wa amphaka. Akachuluka galu amawodzera, amadzandira, thupi limazizira. Zikatero musambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda, mupite naye kwa dokotala. Madzi otsala musathire pafupi ndi chitsime kapena mtsinje, ndipo botolo likhale lokhomeredwa, lisathiridwe m'botolo la zakumwa. Mankhwala opopera thonje ndi tomato asayandikire galu. Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri akumudzi amasunga botolo la mankhwala a thonje, dziwani kuti chithandizo chotere chimapha agalu.

Ngati thumba likulola, pali njira zosavuta. Fipronil, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Frontline, amadonthezedwa pakhungu kuseri kwa khosi mwezi uliwonse, ndipo galu asasambe masiku awiri. Mapiritsi otafuna ndiwo amphamvu kwambiri: NexGard ndi Simparica mwezi uliwonse, Bravecto masabata 12 aliwonse, ngakhale kuti pa nkhupakupa yofiirira mphamvu yake imayamba kuchepa msanga, cha pa masabata asanu ndi atatu. Amagulidwa motsata kulemera kwa galu, ndipo galu amene anagwapo khunyu ayambe waonedwa ndi dokotala. Mapiritsiwa amapha nkhupakupa ikaluma, m'maola ochepa, nthawi imene Babesia amakhala asanadutse. Ehrlichia amadutsa mofulumirirapo, ndiye chitetezo chake si chathunthu.

Zonsezi zimapita pachabe ngati pakhomo simunakonzepo. Nkhupakupa zimene mukuziona pa galu ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zili m'khoma. Yaikazi ikakhuta imagwa, imakwera khoma, imalowa mumng'alu n'kuikira mazira zikwi zingapo. Kamphutsi kakaswa kamakwera pa galu, kamayamwa masiku angapo, kamagwa, kamafundula, kamakweranso, kamagwanso, mpaka kukhala nkhupakupa yaikulu. Kukafunda ulendo wonsewu umatha miyezi iwiri, ndipo yanjala imatha kudikira miyezi yambiri osadya. Babesia amadutsa m'mazira kupita kwa ana a nkhupakupa, choncho khola limodzi likhoza kudwalitsa galu aliyense amene mudzabweretse, ngakhale woyambayo anafa kalekale. Tenthani masaka akale amene amagonapo. Matani ming'alu ndi simenti kapena dothi. Poperani mankhwala a nkhupakupa pansi, m'makoma mpaka kudenga, m'mbali mwa zitseko ndi pansi pa njerwa zounjika, agalu, nkhuku ndi ana atachoka mpaka paume. Bwerezani masabata awiri aliwonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mazira obisika sakhudzidwa ndi kupopera koyamba. Tchetchani udzu wozungulira mpanda.

Za ana anu, Babesia wa agalu sagwira anthu. Koma nkhupakupa yofiirira imaluma munthu ikachuluka ndiponso kukatentha, ndipo imatha kupereka matenda ena a kutentha thupi. Polumidwapo pamachita kachilonda ka nkhanambo yakuda pakati, mwanabere amatupa, mutu umawawa, nthawi zina zidzolo zimatuluka. Mwana akatentha thupi, kuchipatala n'kupeza kuti malungo palibe, auzeni kuti pakhomo pali nkhupakupa, ndipo muwaonetse kachilondako. Madzulo posamba muziwayang'ana m'mutu, kuseri kwa makutu ndi m'chiuno. Alamu anu muwauze kuti chigodola cha ng'ombe zawo ndi kachilombo kena, koyenda ndi nkhupakupa ina ya m'makutu a ng'ombe, ndipo galu sachitenga kapena kuchipereka.

Galuyu akachira, pakapita masabata atatu kapena anayi, alandire katemera wa chiwewe ndipo chikalata chake musunge, monga lamulo la agalu likufunira. Ngati mwaganiza zomusunga, kambiranani ndi dokotala zomutseka kuti asabereke, koma opaleshoni idikire mpaka magazi abwerere ndipo masiku 28 a doxycycline atha, chifukwa galu wa Ehrlichia amataya magazi kwambiri pa mpeni. Kuchira kamodzi sikumuteteza mpaka kale, akhoza kudwalanso chaka chamawa. Ndipo agalu anzake a kumsika adzapitiriza kubwera kumpanda, makamaka iye akakhala pa nyengo yofuna amuna, aliyense ndi nkhupakupa zake. Tsekani mipata ya mpanda, kwirirani dzala, ndipo mbale za agalu zisagone panja ndi chakudya.